Ndowa ndi Makwerero Zigulika, Nanga Makomo?

Amayi anzanga, aliyense amene adayendapo mbandakucha pa njira yochokera ku Kauma kulowera ku Area 12, mu mzinda wa Lilongwe, akudziwa kuti njirayo imadzuka dzuwa lisanatuluke. Alonda amakhala akuweruka, maso ali psuu ndi tulo, pamene ophika, olera ana ndi osamala maluwa ali yakaliyakali kuthamangira kumayadi. Kwa zaka 14, pakati pa anthu amenewa pankapezekanso mayi wina wochepa thupi, ndowa ili kumutu, m'ndowamo muli nsanza zochapa bwino, botolo la viniga ndi mpukutu wa nyuzipepala zakale. Mayiyu sadalembedwe ntchito pakhomo pa munthu aliyense. Ntchito yake idali yotsuka mazenera, ndipo adali ndi makomo 18 amene ankawazungulira, lero pano mawa apo, mwezi ukatha n'kuyambiranso.

Miyezi yapitayi mayiyu adagulitsa makomo akewo n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Dzina lake sititchula pano, pakuti iye ndi munthu wosakonda kumveka. Koma nkhani yake ndi yoyenera kuikamba pa tsamba lathu lino, chifukwa ambiri a ife, m'tauni ndi kumudzi komwe, tili nawo makomo athu ngakhale sititsuka mazenera. Wina amaperekera mazira, wina mkaka, wina amachapa ndi kusita, wina amasenza dengu la ndiwo zamasamba kukagogoda pa mageti omwe omwewo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Ndipo tsiku limakwana loti munthu asiye. Abambo apuma pa ntchito kapena asamutsidwa, msana wayamba kukana, kapena makolo kumudzi akusowa wowapatsa madzi. Tsono thukuta la zaka zonsezo lingothera pomwepo kodi? Kapena lingathe kusanduka ndalama yokayambira moyo wina?

Tiyambe taona chifukwa chimene ntchito yotereyi idapezekera ku Area 12. Pamene boma lidaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo Lilongwe adakhala likulu m'chaka cha 1975. Okonza mapulani adagawa mzindawu m'zigawo za manambala, ndipo manambalawo sadatsate kuti uyu wayandikana ndi yani, n'chifukwa chake mlendo amadabwa kuona Area 10 ili phewa ndi phewa ndi Area 43. Zigawo zoyandikira City Centre ndi Capital Hill, monga Area 10, 12 ndi 43, adazipatula kuti zikhale za mapuloti aakulu, nyumba patalipatali, mokhala akuluakulu a boma ndi anthu a ku maofesi a akazembe. Nyumba zimenezi zili ndi mazenera ambiri ndiponso aakulu, ndipo pafupifupi zenera lililonse lili ndi zitsulo zoletsa akuba, mwinanso ndi waya wotchinga udzudzu. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Lilongwe silisankha nyumba ya bwana kapena ya mlonda. Mvula ikabwera imadonthezera matope, akangaude nawo n'kumanga misasa yawo m'makona. Wantchito wa m'nyumba, amene wayamba ndi kukolopa, kuchapa, kuphika ndi kulera ana, alibe tsiku lathunthu loti alowetse dzanja pakati pa zitsulo, galasi ndi galasi, mpaka nyumba yonse itatha.

Mpata umenewu ndiwo mayi wathuyu adauona. Amuna ake adali mlonda pa nyumba ina, ndipo tsiku lina adona a pamenepo, poyembekezera alendo, adafunsa ngati padali munthu woti n'kudzatsuka mazenera pa ganyu. Mayiyu adatsuka, adona adakondwa nauza mnzawo, mnzawoyo nauzanso wina. Umu ndi mmene makomo adachulukira. Sadalembepo chikwangwani, sadalengezepo pa wailesi.

Chimene chidamuimitsa ndi bondo. Adaterereka pa makwerero nthawi ya dzinja, ndipo ngakhale fupa silidathyoke, kuyambira pamenepo kukwera kudasanduka chilango. Amuna ake nawonso adali atatopa ndi kugona panja. Maganizo ake oyamba adali ongotsanzika adona onse, kupatsa mnzake makwerero n'kukwera basi. Amene adamutsegula m'maso ndi mwana wake wamkazi, yemwe adamva kwa anzake okhala kunja kuti ku Mangalande ntchito yotsuka mazenera imagulitsidwa ngati mmene timagulitsira okala. Ndipo n'zoona. Kumeneko munthu amakhala ndi mndandanda wa nyumba zimene amazitsuka mwezi ndi mwezi, ndipo akafuna kusiya amaugulitsa kwa wina, mtengo wake n'kuupeza potenga ndalama ya mwezi umodzi ndi kuichulukitsa kangapo. Kwathu kuno mwambo wodziwika ndi wosiyirana. Abale athu ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa ku Johannesburg akafuna kubwera kumudzi amasiyira ntchito mng'ono wawo kapena mnzawo wa kwawo. Zogulitsa makomo poyera, pa mboni ndi pa pepala, sitidazizolowere, ndipo ena amaziona ngati nkhanza. Ine sindiona nkhanza pamenepa. Munthu amene wagula benchi ya pamsika sagula matabwa okha, amagulanso anthu ozolowera kuima pamenepo, ndipo palibe amadabwa nazo.

Komabe kunena kuti ugulitsa n'kosavuta. Mayiyu atakhala pansi kuti awerenge katundu wake adapeza makwerero aakulu ndi aang'ono, ndowa ziwiri, maburashi, chokokera madzi cha mphira ndi nsanza. Zonsezi munthu angathe kuzigula m'masitolo a ku Old Town tsiku limodzi, makwerero n'kukhometsa kwa kalipentala. Chuma chenicheni cha mayiyu sichidali m'ndowa. Chidali chakuti mlonda akamva kugogoda kwake ankatsegula geti osafunsa, galu ankangogwedeza mchira, ndipo adona ankatha kuchoka kupita ku ntchito kumusiya akupukuta zenera la kuchipinda, foni ndi ndalama zili pathebulo. Chinthu chimenechi adachimanga zaka 14, ndipo sichinyamulika ngati ndowa. Makasitomala si mbuzi zoti n'kuzimanga chingwe n'kupatsa wogula. Palibe ndi khomo limodzi lomwe limene lidasainirana naye kanthu. Aliyense mwa adona 18 aja adali ndi ufulu wonena kuti zikomo, munthu watsopanoyu sitimufuna.

Woyamba kubwera atamva mbiri yakuti makomo akugulitsidwa adali bambo wina wovala bwino. Iyeyu sadanenerere mtengo. Adati ali ndi anyamata ake ogwira ntchito, ndalama apereka yonse tsiku lomwelo, ndipo chimene akufuna ndi kope basi. Kope limeneli ndi limene mwana wa mayiyu adayamba kumulembera zaka zitatu m'mbuyomo: nambala ya puloti, foni ya adona, tsiku lotsuka, ndalama imene adalandira. M'mphepete mayiyu ankalembetsamo tizikumbutso take, monga kuti nyumba yakuti ili ndi agalu awiri amene amatsekeredwa masana, yakuti eni ake amapita kwawo mu Disembala, yakuti zenera la kubafa silitsekeka bwino. Bamboyo adati zoyenda naye kukamuonetsa kwa eni nyumba n'zotaya nthawi, adzadzionetsa yekha.

Ndalamayo idali yokopa, ndipo mayiyu adagona nayo m'mutu masiku awiri. Amene adaletsa ndi amuna ake, ndipo apa zaka za ulonda zidagwira ntchito. Adamufunsa kuti kodi kope lonena za agalu, za masiku amene nyumba imakhala yopanda eni ake ndi za zenera losatsekeka, wolifunitsitsa kwambiri mu mzinda muno angakhale ndani? Mwina bamboyo adali munthu wolungama, ife sitingamuweruze. Koma kukadachitika kuti imodzi mwa nyumbazo yathyoledwa mwezi wotsatira, apolisi akadayamba ndi kufunsa amene amalowa pakhomopo, ndipo galimoto yawo ikadafika mpaka ku Ntcheu. Amayi anzanga, ichi chisungeni: zimene mwaona m'nyumba za anthu pogwira ntchito si katundu wanu woti mugulitse. Ngakhale nambala ya foni ya adona musaipereke kwa munthu iwo asanavomere. Wogula amene akufuna mndandanda koma akukana kuonekera nkhope kwa eni nyumba, musiyeni apite ndi ndalama zake.

Wachiwiri adali wa m'banja momwemo, mwana wa mchemwali wake, amene ankayembekezera kuti makomowo angomusiyira ulere. Nkhaniyi idautsa mapokoso, mpaka mawu adafika kumudzi akuti mayiyu wakonda ndalama kuposa magazi ake. Kusiyira m'bale si kulakwa, ndipo amene angathe kutero achite. Koma mayiyu adali atamutengapo mtsikanayo kawiri kuti akamuthandize, ndipo ulendo wachiwiri adamupeza atakhala pa mpando wa adona akudzijambula ndi foni. Adadziwa kuti akamusiyira, pakutha pa miyezi itatu sipadzakhala khomo ndi limodzi lomwe, ndipo dzina lotukwanidwa lidzakhala lake. Adamupatsa kampamba koti ayambire geni ya tomato, nkhani n'kuzizira, ngakhale kuti mpaka lero moni wake ndi wa pakamwa chabe.

Amene adagula ndi mayi wachitsikana wa ana atatu, mnzake wa ku banki m'khonde, yemwe amuna ake amapalasa kabaza. Iyeyu ankagulitsa mandasi, ndipo mayi wamkuluyo adali atamuona kwa zaka zinayi akubweza ngongole ya gulu pa tsiku lake, osasowa pa msonkhano, osamveka ndi miseche. Pa ntchito yolowa m'zipinda za anthu, mbiri yotereyi iposa mphamvu za m'manja.

Pa mtengo ndi pamene kope lija lidaonetsa ntchito yake yeniyeni. Wogulitsa aliyense amati geni yake ndi yaphindu, koma mawu a pakamwa sawerengeka. Mayi wachitsikanayo adakhala ndi kopelo madzulo awiri, m'nyumba mwa mwini wake momwemo, akuonkhetsa mwezi ndi mwezi. Adaona kuti miyezi ya fumbi ndalama imakwera, ndipo mu Disembala ndi Januwale imatsika chifukwa ambiri amakhala atapita ku tchuthi. Choncho sadatenge mwezi wonona kuti ukhale muyeso, adaphatikiza chaka chonse n'kugawa ndi 12. Kuti njira yake imveke, tiyeni tingoyerekeza ndi manambala athuathu. Tinene kuti makomo ndi 18 ndipo lililonse limalipira K10,000 pa mwezi. Pamodzi ndi K180,000. Tichotsepo K30,000 ya sopo, viniga, minibasi ndi kukonzetsa zida, kutsala K150,000. Ngati awiriwo agwirizana kuchulukitsa katatu, mtengo wa makomo ndi K450,000, ndipo zida ziwerengedwe pazokha monga katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Tanthauzo lake n'lakuti wogula agwira miyezi itatu ngati akugwirira mnzake, mwezi wachinayi n'kuyamba kudya zake. Amene achotsera pa ndalama yonse osachotsa zolowa, wagula sopo wa chaka chatha.

Koma nambala ya makomo nayonso ili ndi msampha wake, ndipo ku Area 12 msamphawu ndi waukulu. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Mwa makomo 18 aja, 11 adali a anthu obwera, ogwira ntchito ku maofesi a akazembe ndi ku mabungwe othandiza, amene kawirikawiri amakhala m'dziko muno zaka ziwiri kapena zitatu n'kusamutsidwa. Nthawi zina amachoka onse pamodzi. Zidachitika m'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 utabuka, pamene ambiri adabwerera kwawo ndipo otsala adatseka mageti osalola munthu wakunja kulowa. Zidachitikanso m'chaka cha 2025, boma la America litaimitsa ntchito zambiri za bungwe la USAID, pamene anthu ochuluka, Amalawi ndi alendo omwe, ntchito zawo zidatha mwadzidzidzi. Kuwonjezera apo, nyumba zina za m'zigawo zimenezi zidasanduka maofesi ndi malo ogona alendo, ndipo ofesi kawirikawiri imafuna lisiti ndi kampani yolembetsedwa ku boma, osati mayi wa ndowa kumutu. Choncho wogula asangofunsa kuti makomo ndi angati. Afunse za khomo lililonse: mwakhala nalo zaka zingati, okhalamo ndi eni nyumba kapena a lendi, ndipo kodi pali mphekesera yoti akusamuka?

Mayi wathuyu ankadziwa kuti mabanja atatu achoka chisanathe chaka. Adamva kwa ophika, pakuti nkhani za kumayadi zimayamba kumveka kukhitchini. Wogulayo sakadadziwa, ndipo kungokhala chete kukadamuonjezera ndalama yogulira malata angapo. Iye akuti adalimbana nawo mtima usiku wonse, koma m'mawa adanena. Makomo atatuwo adawachotsa pa mtengo, n'kugwirizana kuti wogula azingowatsuka mpaka eni ake atanyamuka. Ena adzati adapusa. Koma taganizani, awiriwa ali m'gulu limodzi, amapemphera ndi anthu amodzi, ndipo mwana wa wogulitsayo adakali ku Kauma komweko. Ndalama ya makomo atatu sikadakwanira kugula mtendere wa mwana ameneyo pa mjigo.

Kalipiridwe nako adakakonza mwanzeru, ndipo apa ndi pamene ndikufuna amayi amene mukuganiza zogula mutchere khutu. Wogulitsa amafuna ndalama yonse lero, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wogula naye amaopa kulipira makomo amene mawa adzamutsekera geti. Onse awiri ali ndi mfundo. Iwowa adagawa ndalamayo patatu. Gawo loyamba, pamodzi ndi mtengo wa zida, lidaperekedwa tsiku losainirana. Lachiwiri lidaperekedwa utatha mwezi woyendera limodzi. Lachitatu adati lidzaperekedwa patatha miyezi itatu, ndipo lidzawerengedwa potsata makomo amene atsaladi m'manja mwa wogula. Mwa njira imeneyi wogulitsa adali ndi chifukwa chogwirira ntchito molimbika kuti adona amulandire mnzakeyo, ndipo wogula sadasenze yekha tsoka la makomo othawa. Nthawi yolipira sadaitalikitse, ndipo adachita bwino. Tonse tikukumbuka kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngongole yoyembekezera chaka chathunthu imafika itafwifwa, yosagulanso zimene mwini wake ankawerengera.

Zonsezi adazilemba pa pepala, m'Chichewa chomveka, makope awiri. Adalembapo maina ndi manambala a ziphaso zawo za unzika, zija tidayamba kulandira m'chaka cha 2017, ndipo mboni zidali mayi wapampando wa banki m'khonde ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Adalembanso tinthu timene anthu amatiiwala mpaka titadzetsa ndewu: kuti ndalama zimene makomo ena adali asanalipire pa ntchito ya m'mbuyo ndi za wogulitsa, kuti galasi likasweka m'mwezi woyendera limodzi alipira mogawana, ndiponso kuti wogulitsa sadzabwereranso ku makomo amenewo kapena kutumizako m'bale wake. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, pakuti zimachitika kuti munthu wapita kumudzi, chaka chavuta, n'kubwerera kudzagogodanso pa mageti amene adagulitsa, ndipo adona pomukonda amamutsegulira. Ndalama adatumizirana pa foni, ndipo uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba aliyense adausunga ngati lisiti. Amuna a onse awiri adalipo pa tsikulo. N'kofunika kuti abambo adziwe, makamaka pamene ndalama yogulira ndi ngongole imene idzakhudza mphika wa pakhomo. Koma dzina lolembedwa pa pepala lidali la mayi amene adzakwera makwerero. Ndipo ngongoleyo idali ya ku gulu. Ya katapila ikadadya phindu lonse ntchito isanayambe n'komwe.

Tsono udafika mwezi woyendera limodzi, umene kunena zoona ndiwo udali katundu weniweni wogulitsidwa. Mayi wamkuluyo, bondo likuwawa choncho, adayenda ndi mnzakeyo khomo ndi khomo. Asanapite ankayamba waimbira adona kapena kuwauza ulendo wam'mbuyo kuti adzabwera ndi munthu, pakuti kutulukira ndi nkhope yachilendo pa geti la ku Area 12 n'kudziyambira mlandu. Pa geti ankayamba ndi mlonda, kumupatsa moni wa ulemu ndi kumuonetsa zonse za m'ndowa polowa ndi potuluka. Kenaka wophika kapena wantchito wa m'nyumba, amene mawu ake amodzi kwa adona angathe kukumangira kapena kukugwetsera khomo. Pomaliza adona eni ake, ndipo apa sankazungulira. Mawu oyenera pa nthawi yotere ndi onga awa: "Mayi, ine mwendo wandikana, ndikupita kumudzi kumapeto a mwezi uno. Awa ndi anzanga, ndawadziwa zaka zinayi ndipo ndikuwaikira umboni. Ntchitoyi ndawagulitsa, koma pakhomo pano eni ake ndinu. Muwayese miyezi iwiri, mukapanda kukhutira mudzanene." Ena amanama kuti uyu ndi mng'ono wanga wangodzandigwirira pang'ono. Bodza lotere silikhalitsa, ndipo likaululika limagwera wogula amene watsala.

M'mwezi womwewo adamuphunzitsanso ntchito, chifukwa kutsuka zenera la kwanu ndi kutsuka mazenera 30 dzuwa lisanapendeke ndi zinthu ziwiri. Uyambe ndi mbali ya nyumba imene kuli mthunzi, pakuti galasi lotentha limaumitsa madzi msanga n'kusiya mizere. Uyambe wachotsa fumbi ndi burashi youma, apo ayi ukupaka matope. Sopo akhale wochepa, viniga pang'ono m'madzi otsukuluzira, ndipo nyuzipepala ibwere pomaliza galasi lili chinyezi. Magalasi ang'onoang'ono opendekeka aja amacheka zala m'mphepete ndipo amasololoka ukawakankha. Makwerero aime pouma ndi polimba, ndipo pokwera patali upemphe wa m'maluwa akugwirire, usachite manyazi. Mwini wake adaphunzira mochedwa. Kunsi kwa chitenje uvale buluku. Amayi a msinkhu wathu akukumbuka kuti lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku, koma lidachotsedwa kale, ndipo pa makwerero ulemu uli m'buluku momwemo. Kuchipinda chogona usalowe wekha ngati m'nyumbamo muli wantchito, umuitane aime pomwepo. Ukapeza ndalama kapena ndolo pansi, usaisunthe mwakachetechete, itana munthu aone.

Si makomo onse adavomera. Agogo ena, Mmalawi mnzathu amene wakhala m'nyumba yakeyake kuyambira nthawi imene Area 12 inkamangidwa, adati iwo adazolowera munthu mmodzi ndipo nkhope yatsopano sakuifuna, mdzukulu wawo azitsuka. Pa khomo lina abwana adati ayamba aganiza, ndipo akuganizabe mpaka lero. Motero pa makomo 15 amene adawerengedwa pa mtengo, 13 ndiwo adatsala, ndipo gawo lachitatu la ndalama lidatsika monga mwa pangano. Wogulitsayo zidamuwawa, makamaka za agogo aja amene ankawayesa khomo lake lokhazikika kuposa onse, koma pepala lidali litanena kale.

Amayi a kumudzi musaone ngati izi ndi za m'tauni zokha. Amene mumaperekera mkaka kapena masamba ku nyumba za aphunzitsi, za anamwino ndi za apolisi pa malo a malonda a kwanuko, makasitomala anu nawonso ndi mame, pakuti kalata ya transifa imabwera osagogoda. Yambani lero kulemba m'kope zimene mwapereka ndi zimene mwalandira, ngakhale simukuganiza zosiya. Tsiku lodzasiya, kopelo ndi limene lidzakuyankhulireni.

Kamkangano kamodzi kadabuka kumapeto. Pa nyumba imodzi mwa zitatu zija za osamuka mudalowa banja latsopano, ndipo mlonda wa pamenepo, amene adatsala ndi nyumbayo, adauza adona atsopanowo kuti pali mayi amene amatsuka mazenera pano. Adamulemba. Wogulitsa atamva adati khomo limenelo ndi lake, liwerengedwe pa gawo lomaliza, pakuti mlondayo adamudziwa mnzakeyo kudzera mwa iye. Wogula adati ayi, adona aja sadamuonepo mayi wamkuluyo ndi kale lomwe, ndipo khomolo lidachotsedwa pa mtengo pamaso pa mboni. Pepala silidanenepo kanthu za alendi atsopano. Mboni ziwiri zija zidakhala pansi Lamulungu lina mapemphero atatha, n'kugamula kuti wogula apereke ndalama ya mwezi umodzi wa khomo limenelo, osachulukitsa katatu. Palibe adakondwa kwenikweni, koma onse adavomera.

Lero mayi wamkuluyo ali ku Ntcheu. Ndalamayo adagulira malata a nyumba ya zipinda ziwiri, matumba a feteleza ndi mbuzi ziwiri zazikazi. Mnzakeyo adamaliza kubweza ngongole ya ku gulu ndipo wapezanso khomo lina ku Area 11 mwa yekha. Sabata yatha adaimba foni ku Ntcheu ali pamwamba pa makwerero, thukuta lili kamukamu, zenera la kubafa la nyumba ija litakana kutsekeka ndipo adona atatsala pang'ono kufika. Yankho lidabwera pakati pa kulira kwa mbuzi: "Amake mwana, musalikankhe. Linyamuleni pang'ono chakumanzere, kenaka mukoke."